Khwawa la M'munsi mwa Khola

Celestino adabwerako ku Halale m'chilimwe, tchire litapsa kale, atavala nsapato zoti munthu n'kudziyang'anirapo nkhope. Pakhomo pa a Ngozo, atate ake, adapeza pali monga adapasiyira: khola la ng'ombe pachitunda, nyumba zaudzu zitalizinga, ndipo kumunsi dambo lotambalala, lija limafunda nkhungu m'mawa ngati mlesi wokana kudzuka. Chidasintha ndi anthu. Atate akewo adawapeza atagona kale m'manda pambali pa khola, monga amagonera amuna a Chingoni kuno ku Domwe. Amayi ake adatsatira posakhalitsa. Mkulu wake Justino adatengedwa ndi asupayi, apolisi a boma, kukagwira chibalo kumsewu wa ku Tete, ndipo kudabwera gombeza lake lokha. Pakhomo padatsala Luciana, mkazi wa Justino, ndi ana ake ang'onoang'ono. Choncho ng'ombe, khola ndi dambo zidagwera m'manja mwa Celestino tsiku lomwe adatula katundu.

Anthu ankati wabwerera ng'ombezo. Sadadziwe. Chidamubweza munthuyu ndi fungo. Kumafamu a fodya kumene adathera unyamata wake, ankati akawerama mumzere dzuwa lili paliwombo, mwadzidzidzi fungo la mpunga wa amayi ake linkamupeza, ngati munthu wakugwira paphewa kumbuyo. Ankaweramuka n'kuima chilili, mphuno m'mwamba, mpaka kapitawo amukalipire. Kenaka fungolo linkachoka, n'kumusiyira fodya ndi thukuta.

Mpunga umenewo sudali wamba. Kuno kumapiri mpunga ndi mlendo wamanyazi, sumera paliponse. Koma amayi a Celestino pobwera kuukwati kuchokera kuchigwa adamanga mbewu pansonga ya nsalu, ndipo adainyengerera chaka ndi chaka mpaka idazolowera kuzizira kwathu. Udali waufupi, wofiirira khungu, ndipo ukakhala pamoto ngakhale wodutsa ndi njira ankayamba kuyenda ngati wabayidwa ndi minga. Unkadyedwa pa Natale, chikondwerero cha kubadwa kwa Ambuye, ndi paukwati basi, aliyense kachipande kamodzi. Mbewu yake inkakhala mumtsuko umodzi womata pakamwa ndi dothi, ndipo amayi aja pomwalira adausiya m'manja mwa mtengwa wawo Luciana. Kupatula mumtsukomo, mbewuyo kudalibenso kwina.

Tsiku limene Celestino adafika, Luciana adakolopola kadengu kamene ankasungira ana ake pa Natale, namuphikira mlamu wake kambale kamodzi. Celestino adadya pang'onopang'ono, misozi ikugwera m'mbale momwemo. Atamaliza adanyambita chala, nayang'ana mbale yopanda kanthu.

"Ndi womwe uja, alamu. Vuto lake ndi lomwe lija: umatha munthu asadaumvetse."

"Chokoma sichidzaza nkhokwe," adayankha Luciana akuseka. Sadadziwe kuti mawu a mlamu wakewo adali mbewu, ndipo idali itagwera kale panthaka yonyowa.

Kamunda ka mpungako kadali kakang'ono, pangodya ya dambo pamene pankathera khwawa lotsika kuchokera kukhola. Sikadakhale pamenepo mwangozi. Inu mukudziwa kuti mkazi wokwatiwa pamudzi wa Angoni saponda m'khola. Ngakhale nkhuku yake ithawiremo, amaima pampanda n'kuitana mwamuna. Nanga ndowe zikadafika bwanji kumunda wa akazi? Mitambo ikayamba kusonkhana, atate a Celestino ankalowa m'khola ndi khasu, n'kutsegula kakamwa m'munsi mwa mpanda, n'kukankhirako ndowe zonse za chilimwe. Zotsala inkachita ndi mvula. Madzi akuda bii, olemera ngati phala la mawere, ankatsika ndi khwawa n'kukalowa m'kamunda muja mwakachetechete. Mwamuna sadasenze dengu, mkazi sadaswe mwambo, koma mpunga unkadya n'kukhuta.

Celestino zimenezi ankazidziwa, poti adakulira pomwepo. Koma maso ake adali atadzaza ndi zina. Ankaima pampanda wa khola, nsapato atazitalikitsa ndi ndowe, n'kumayang'ana kumunsi. Pakati pa chitunda ndi dambo khwawa lija linkafutukuka n'kupanga kabwalo kosalala, kouma gwa m'chilimwe. Pamenepo iye ankaona nyumba. Ankaiona yoyera ndi njereza, yazenera lagalasi, ndipo pazenerapo pali Violeta, mwana wa katekisita wa ku Lifidzi, amene adali atamulola kuti adzakwatirana akakolola. Ankaonanso ukwatiwo: mpunga wa amayi ake wadzaza m'malichero, osatinso kachipande, koma mbale yodzaza kwa aliyense, mpaka agalu atembenuze nkhope chifukwa chokhuta.

M'mawa wina Luciana pochokera kumadzi adapeza zikhomo zitakhomedwa pakabwalo paja.

"Alamu, zikhomozi mukufuna kumangirira chiyani? Mphepo?"

"Nyumba, alamu. Yazenera lagalasi. Mukamabwera kudzapempha mchere muzidzayamba mwadziyang'anira."

Luciana adatula mtsuko wa madzi pansi. "Galasi ndilikonda. Koma mwakhoma panjira ya eni."

"Eni ake ndani? Malo ano si a atate?"

"Madzi a kukhola. Amadzera pomwe mwaimapo."

"Madzi si mzungu wa boma wa kuposito woti ndimuvulire chipewa," adaseka Celestino. "Ndiwaonetsa njira ina, adzapita."

"Nanga mpunga wa apongozi udzadya chiyani?"

Apa ndiye Celestino adamasula thumba la nkhani za ku Halale. Adati masiku ano mbewu sizidyanso zonyansa za ng'ombe. Kuli chakudya chake choyera ngati mchere, chopanda fungo, chosadetsa m'manja. Ku Halale amati feteleza, Apwitikizi akuti adubu. Adati adaona ndi maso ake fodya wachikasu, wodwala, atathiridwa kachikho kamodzi n'kudzuka ngati mwana wamva kuti amake abwera. Sadaname. Luciana adamvetsera kukamwa kuli yasa, poti nayenso adali munthu, ndipo nkhani ya chakudya choyera cha mbewu idamukomera m'khutu.

"Zabwino, alamu," adatero posenzanso mtsuko. "Koma madziwo mwawauza?"

Adawauza ndi miyala. M'munsi mwa khola adamanga linga la miyala ndi dothi, n'kukumba ngalande yokhotetsa madzi kuti azikagwera kutsidya, kuchigwembe cha bango. Nyumba idakwera pakabwalo paja. Zenera adakagula kukantina ku Vila Coutinho, nabwera nalo atalikulunga m'gombeza ngati khanda. Atatero adakusa Nkhungu, ng'ombe yaikulu yotuwa imene atate ake ankailankhula ngati munthu, napita nayo kwa mzungu wina wolima mbatata ya kachewere kufupi ndi Vila. Adabwerako ndi matumba awiri a feteleza pabulu wobwereka. Ng'ombe yamoyo, yodziwa dzina lake, kuisinthanitsa ndi matumba awiri! Mzunguyo sadabe ayi. Anthu amenewa saba. Amangokhala pakhonde kudikira munthu wamaloto afike yekha.

Komabe mzunguyo adanena mawu amodzi abwino. Potsanzikana adatsina zala nati, "Pang'ono, pang'ono." Celestino adavomera ndi mutu, koma mumtima adaseka. Mawu amenewo adawamva kale ku Halale, kumene ankawapatsa kachikho kochepa ngati ka fodya wamphuno, ndipo wodzazitsa ankalawa chikoti. Iye ankaona kuti ndi umbombo wa azungu basi, womwe uja ankayezera ufa wa antchito. Zaka zonsezo ankadziuza kuti tsiku lina adzathira m'munda wakewake ndi dzanja lodzaza, popanda womuyezera.

Mvula itayandikira adapita pakhomo pa Luciana, namupeza akupeta nyemba.

"Alamu, mtsuko uja."

"Wa apongozi?"

"Wa amayi anga."

Luciana adaika lichero pansi. "Adandisiyira ine, alamu. Ndine ndidawatseka maso."

"Adakusiyirani kuti musunge. Mwasunga, zikomo. Tsopano mwana wawo wabwera."

"Ndiye tengani theka. Mbewu saithira yonse pansi. Chaka chimakana."

"Theka lidyetse ukwati? Inu mukuganizabe za kachipande. Ndidzakubwezerani mitsuko yoti musowe poika."

Akadatani Luciana? Mkazi wamasiye pamudzi wa eni amalankhula kawiri, kachitatu amamufunsa ngati njira ya kwawo adaiiwala. Amene adapalira, adaingitsa mbalame, adamata mtsuko chaka ndi chaka mwini magazi ali kutali, ndi iye. Koma pa tsiku lotenga, thukuta silikhala ndi mfunda. Adalowa m'nyumba, adatulutsa mtsuko, naupereka ndi manja awiri. Celestino adaswa dothi la pakamwa pomwepo, nalowetsa mphuno. Adatseka maso nthawi yaitali. Atawatsegula sadaone n'komwe kuti mlamu wake wayang'ana kumbali.

Kamunda kakale adakanyoza kuti n'kochepa ngati mphasa. Adaswa mphanje pakati pa dambo, m'mbali mwa njira yopita kumsika wa ku Domwe, kuti wodutsa aliyense aone. Adafesa mbewu yonse, ndipo mbande zitakula adafulula mowa, anthu nabwera kudzamuthandiza kuwokera. Mbande zonyozeka, zoonda ngati tsitsi la nkhalamba, adazitaya pamtumbira. Anthu atabalalika Luciana adazitola, adazimanga m'nsalu, nakaziwokera imodziimodzi m'kamunda ka apongozi ake. Sadauze munthu. Sadabisenso, padalibe womufunsa.

Kenaka Celestino adatsegula thumba. Adathira ndi dzanja lodzaza, monga adaulonjezera mtima wake. Mpunga utayamba kubiriwira adati ukuthokoza, nathiranso. Utada adati ukupempha, nathiranso. Ndipo kunena zoona, zimene zidamera m'dambo lija anthu a ku Domwe adali asadazionepo. Mpunga wa amayi ake, uja wolekeza m'mawondo, udakwera mpaka m'chiuno, masamba otambalala ngati a mapira, obiriwira mpaka kuda. Opita kumsika ankatula mitolo n'kuima. Ena ankati ndi mankhwala a ku Halale. Ena ankati si mpunga.

Celestino adasiya kukhala pakhomo. Dzuwa likapendeka ankakwera pachulu cha pakati pa dambo, n'kukhala pamenepo manja ali pamawondo. Mphepo ikadutsa, munda wonse unkagwada n'kudzuka, kugwada n'kudzuka, ngati mpingo pa misa yaikulu ku Lifidzi, ndipo iye ankayandama pamwamba pake ngati nthenga. Ankaona ngolo zikutsika kuchokera ku Vila kudzagula mbewu, ndipo mzungu wa kachewere uja ataima pamtumbira chipewa chili m'manja. Ankaona Nkhungu akubwerera yekha, chingwe chikukwawa pansi, atatsogolera ng'ombe zina. Ankaona Violeta akuyenda mumpungamo wosaoneka miyendo, ngati akusambira. Nthawi zina ankaonanso amayi ake, nsalu yakuda ili m'chifuwa, akubwera pakati pa nthunzi ya dambo. Ankafika m'mphepete mwa munda wake, n'kuima, n'kununkhiza. Koma sankalowamo. Ankalambalala n'kumapita chakungodya, kumene kudali kamunda kakale, mpaka nthunzi iwameze. Celestino ankati n'chifukwa chakuti akufa sazolowera msanga zatsopano.

Tsiku lina ali pachulupo adamva wina akuomba m'manja pansi. Adali Luciana, atagwada pamatope.

"Alamu, ndabwera kudzapempha mchere. Pagalasi ndadziyang'anira kale."

Celestino adaseka. "Mchere uti?"

"Wanuwo wa m'thumba. Timbande tija mudataya ndidatiwokera kwa apongozi. Tafiira ngati tsitsi la mwana wanjala. Kachikho kamodzi kokha."

"Thumba latsalali n'la munda uno, alamu. Mukuona nokha mmene ukudyera."

"Ndiye mundilowereko m'khola, munditulutsire dengu limodzi pampanda. Kusenza ndisenza ndekha. Bango la kutsidya ndiye likudya chuma cha apongozi, lanenepa ngati mzimbe. Kodi tidzadya bango?"

Celestino adayang'ana nsapato zake. Adayang'ananso munda wake ukugwada ndi kudzuka. "Mawa, alamu," adatero. Mawa lake lidali lija la abwana, losafika. Thumba lachiwirilo lidatsatira linzake m'munda womwewo, mpaka adalikung'untha.

Pakati pa dzinja Violeta adabwera ndi azakhali ake kudzaona nyumba. Lidali tsiku lotentha modabwitsa, lopanda ngakhale mbalame yolira. Celestino adawakhazika pamipando, adawaonetsa zenera, nawalozera munda wakudawo kuti onsewo ndi chakudya cha tsiku limodzi laukwati. Azakhali adagwira pakamwa. Ali mkati mocheza, kumtunda kudada. Mvula idayamba ngati munthu akuponya miyala padenga, kenaka idangotsanuka.

Kumbuyo kwa linga lija kudali kutaunjikana ndowe za chilimwe chonse ndi za theka la dzinja, poti ngalande ya Celestino inkangotenga madzi a pamwamba, zolemera n'kutsala. Tsiku limenelo ngalandeyo idatsamwa. Madzi adaima kumbuyo kwa miyala, adafufuza, adafufuza, napeza pomwe padali kakamwa ka atate ake. M'nyumba adangomva kugunda kumodzi, ngati ng'oma yaikulu yang'ambika.

Madziwo adalowera kuchipupa cha kumbuyo natulukira pakhomo. Sadathamange n'komwe. Adadutsa m'nyumbamo mwachifatse, akuda, olemera, onunkha khola, ngati mwini mudzi amene wapeza alendo atakhala panjira yake koma safuna kuyambana ndi munthu. Azakhali adakwera pampando akuitana oyera mtima onse mayina. Violeta adakwera pameza yodyerapo, nsalu ataikwinya m'manja, akuyang'ana madzi akudutsa pansi pake. Matumba awiri aja, opanda kanthu, adayandama n'kutsogola kutuluka pakhomo. Ndiye Nkhungu yense ameneyo.

"A Ngozo," adatero Violeta pomuitana ndi mfunda, "ku Lifidzi kuja simudanene kuti nyumba yanu ili ndi mtsinje wakewake."

Mvula itakata, chipupa cha kumbuyo kudalibe, denga litapendama ngati chipewa cha woledzera. Alendo adatsanzika mwamsanga. Celestino adaima pakhomo, ndowe zitadzaza m'nsapato, nayang'ana kumunsi. Pangodya ya dambo padali matope akuda okhaokha, popanda tsamba looneka, ndipo Luciana adali ataima pamenepo manja ali kunkhongo. Mawu ake adakwera ndi khwawa mpaka kumufika.

"Mudayamba ndi kutimana, tsopano mwatikwirira! Mwamaliza, alamu!"

Celestino adadziuza kuti nyumba imamangidwanso, ndipo timbande totayidwa kale sitiliridwa; mpunga weniweni ulipo, wakuda, ukugwada ndi kudzuka. Adasamukira m'kanyumba kakale ka atate ake, ndipo kuyambira tsiku limenelo popita kuchulu ankazungulira, kuti asadzere pangodya paja.

Masika atayandikira, chimanga chitayamba kuuma m'minda, munda wa Celestino udali ukadatulutsabe masamba. Unkangokula, ngati mnyamata wodya bwino wokana kukwatira. Amayi ake ankanena kuti mpunga wawo uyenera kubereka mphepo yozizira isadatsike m'mapiri; iye adawakumbukira mawuwo mochedwa. Pamene ngala zidayamba kusuzumira, mphepoyo idali itafika, yoluma makutu, yobwera ndi nkhungu yosachoka mpaka masana. Mbali ina ya munda idagona pansi chifukwa cha kulemera kwa masamba ake omwe, n'kuyamba kuola m'madzi. Mbali yotsala idaima ndi ngala zoyera mbuu, zoloza kumwamba.

"Taonani mmene zaimira, ngati asilikali," Celestino ankauza odutsa.

Koma odutsawo adali alimi. Ankangoti, "Eya, a Ngozo, zaima," n'kusenza mitolo yawo mofulumira.

Potsiriza adatsika pachulu. Adathyola ngala imodzi, naifikisa m'manja, nauzira. Zonse zidauluka. Adathyola ina pakati, ina kumapeto, ina kumene adathira kwambiri. Adayenda munda wonse akufikisa ndi kuuzira, ngati munthu wofunafuna mwana m'khamu, ndipo m'manja mwake simudatsale ngakhale njere yoti nkhuku ijomphe. Mankhusu okhaokha. Adakhala pansi m'matope momwemo, nsapato ndi zonse. Za ukwati sadaziganize, ngakhale za Nkhungu. Adangoona nsonga ya nsalu ija, imene idakwera mapiri kuchokera kuchigwa, itamasulidwa mphepo ikuomba, ndipo womasulayo ndi iye. Mbewu imene idapirira chisanu cha zaka zonsezo idafera m'dzanja lodzaza la mwana wa mwini wake.

Ali chikhalire, fungo lidamupeza.

Adatseka maso. Ankalidziwa bodza limeneli. Ndi lija la ku Halale, lobwera kudzamuseka n'kuchoka. Adadikira kuti lichoke. Silidachoke. Mphepo itatembenuka lidakula. Adadzuka ngati woyenda m'tulo, nalitsata osayang'ana poponda. Lidamutulutsa m'munda wakufawo, lidamuyendetsa m'mphepete mwa dambo, njira yomwe ija ankadzera amayi ake m'nthunzi, mpaka pangodya pamene khwawa limathera.

Kamunda kadali pomwepo, kochepa ngati mphasa. Matope akuda aja adali atauma pamwamba n'kung'ambika. Mpunga udali waufupi, wolekeza m'mawondo, masamba atayamba kale kufota, wosatha kuimitsa munthu wopita kumsika. Koma ngala iliyonse idali itawerama mpaka kukhudza pansi. Luciana adali pakati pake ndi kampeni, akudula ngala imodziimodzi n'kuponya m'nsalu.

"Alamu." Mawu a Celestino adatuluka ngati a mwana. "Ndi womwe uja?"

"Womwe mudataya pamtumbira." Luciana sadaweramuke. "Tsiku la mtsinje wanu lija ndidalira maliro, ndimati wakwiririka. Patapita masiku ndidaona timitu tikutuluka m'matope. Musandifunse nzeru, ndilibe. Udadya, udakhuta, udabereka msanga, ndipo mphepo idaupeza utatseka kale pakhomo."

Celestino adatambasula dzanja kuti athyole, koma adalibweza. Luciana adaona, namuponyera ngala imodzi. Adaifikisa, nauzira. Mankhusu adauluka, ndipo m'chikhatho mudatsala njere zofiirira, zolimba, zofunda ngati zamoyo. Adaziyandikiza kumphuno.

"Kodi ungakwane..."

"Ukwati? Ha! Uwu ungodzaza mtsuko, mwina osafika n'komwe pakhosi. Akudya ukwati adye kachewere, ndiye wachuluka ku Domwe. Ndipo mtsukowo ukhala kwa ine. Wofuna mbewu adzabwera kudzaomba m'manja, monga ndidaombera ine pansi pa chulu paja. Adzalandira theka."

"Mwanena zoona, alamu."

"Sindidamalize. Mbewu yopanda madzi a kukhola ndi chakudya cha anankafumbwe mumtsuko. Ine m'khola sindilowa. Mwambo ndi wanu womwewo. Wolowa ndinu." Adatambasula dzanja. "Bwezani njerezo. Zidawerengedwa kale kuti n'za mumtsuko."

Adabweza zonse, ndi manja awiri.

Ukwati udadyedwa ndi kachewere ndi nyemba, anthu akukumbutsana za mtsinje wa m'nyumba mpaka kutsamwa. Violeta sadabwerere m'mbuyo. Adangoti nyumba yatsopano imangidwe pamene iye adzaloze, ndipo adaloza pamtunda. Zenera lija, lomwe lidapulumuka losasweka, lidasamukira kumeneko. Mitambo itayambanso kusonkhana, anthu adaona nsapato za ku Halale zitapachikidwa pampanda, mwini wake ali m'khola ndi khasu la atate ake, ndowe zili m'mawondo. Adagumula miyala yotsala, adatsegula kakamwa kaja, nakankhirako ndowe zonse za chilimwe. Akazi awiri, Violeta ndi Luciana, adaima kunja kwa mpanda, Lucianayo akuloza ndi chala pomwe patsala. Mvula yoyamba itagwa Celestino adawatsata madziwo wapansi, nadutsa nawo pabwinja la nyumba yake, mpaka kukawaona akulowa m'kamunda mwakachetechete. Akuti adaima pamenepo nthawi yaitali akuyang'ana nthunzi ya dambo. Ngati adawaonamo amayi ake, ndiponso ngati ulendo uno adalowa m'munda, sadauze munthu.

Munthu angathe kumanga linga, kukumba ngalande, kusinthanitsa ng'ombe yamoyo ndi choyera cha m'thumba. Angathe kupita kutali, kukavala nsapato, n'kubwera kudzalanda mtsuko kwa amene adaumata iye kulibe. Koma chimene chidadyetsa mudzi chimadziwa njira yake, ndipo womanga panjirapo chimamudzera m'nyumba. Akale adaona kale zoterezi pamene adati: madzi saiwala khwawa.